Supuni ya ku Gwelo

Ndege imene inkabweretsa mdzukulu wawo kuchokera ku Joni inali yoti itera masana, koma pofika 7 koloko m'mawa azakhali anga anali atasamba kale, atamanga duku, atakhala pakhonde ku Bangwe chikwama chili pamiyendo. Kunja kunali chiperoni. Phiri la Bangwe silinkaoneka n'komwe, ndipo kamvula kowaza kaja kankanyowetsa zovala mwakachetechete. Ndinawauza kuti ndapangana ndi mnyamata wa takisi kuti adzatitenge 12 koloko, asadzivutitse.

"Takisi ndi ya odwala," anatero. "Ine ndikufuna ndione njira. Muimbire mnzakoyo umuuze kuti asatenthe mafuta ake."

Munthu wa zaka pafupifupi 80 akanena choncho, iwe chako n'kutenga ambulera basi.

Tinatsikira ku Limbe. Amene amaudziwa mzindawu m'mawa akudziwa kuti suyenda ndi ulemu. Oyitanira amakukoka dzanja usananene kumene ukupita, a kabaza amakudutsa m'mbali ngati mavu, ndipo amwenye amakhala akutsegula zitseko zachitsulo za masitolo awo, anyamata a ganyu atafola panja. Azakhali ankapyola m'chipwirikiti chonsecho osathamanga, ndodo patsogolo. Sanalunjike kokwerera minibasi. Anandikokera chakumunsi, ku siteshoni ya sitima, nakaima patali pang'ono n'kuloza ndi ndodo.

"Malawi ndinamuonera apa. Chaka cha 1954. Ndinali ndi zaka 7, nditavala nsapato zimene zinkandithina, ndipo ndinalira chifukwa ndinkayesa kuti tangodutsa, tikupitirira."

Azakhali sanabadwire kuno. Anabadwira ku Southern Rhodesia, m'komboni ya antchito pafupi ndi bwalo la ndege za nkhondo la Thornhill, kunja kwa tauni ya Gwelo, imene kuyambira 1982 imatchedwa Gweru. Bambo awo, amene ndi agogo anga, anamenya nawo nkhondo yachiwiri ali msilikali wa Keyala, dzina limene anthu akuno anapatsa gulu la King's African Rifles. Anakafika mpaka ku Burma. Atabwerako anapeza kuti kumudzi mendulo siilima, msonkho ukufunikabe, ndiye anachita zimene amuna zikwizikwi a m'Nyasaland ankachita: kutenga chitupa n'kulowera ku Halale. Ena ankalembedwa ndi Mthandizi kupita m'mafamu a fodya, ena ankakwera malole a Ulere, ena ankangoyenda wapansi kudzera ku Tete. Agogo anali ndi mwayi umodzi. Ku usilikali anaphunzira kuphikira mabwana, ndipo pepala lochitira umboni luso limenelo analisunga m'kachitini. Ndi limene linawalowetsa m'khitchini ya pa bwalo la ndege, kukhala khukhi.

Kuti mabwalo amenewa apezeke kumeneko pali chifukwa chake. Nkhondo itavuta ku Ulaya, Angerezi anasowa kophunzitsira oyendetsa ndege, popeza kwawo mumlengalenga munali adani ndi mitambo yosatha. Southern Rhodesia inali kutali ndi mabomba, dziko lake lathyathyathya, dzuwa pafupifupi chaka chonse. Kuyambira 1940 anamanga mabwalo ku Belvedere ndi Cranborne pafupi ndi Salisbury, ku Kumalo ndi Heany pafupi ndi Bulawayo, ku Thornhill, Guinea Fowl ndi Moffat chakufupi ndi Gwelo. Amene anazula zitsa ndi kusalaza nthaka anali anthu akuda, ambiri mwa iwo ogwidwa chibalo. Nkhondo itatha ambiri mwa mabwalowa anatsekedwa, koma posakhalitsa gulu la Royal Air Force linayambiranso maphunziro pa ochepa, Thornhill ali m'gulumo, mpaka 1954. Anyamata achizungu ankabwera, kuphunzira, kupita. Ena ankabwera ndi mabanja awo. Lero ana a mabanja amenewo, amene nawonso ndi nkhalamba, amakumbukira ubwana wawo wa dzuwa, dziwe losambiramo ndi kanema wa Loweruka. Ndilibe nawo mlandu, ubwana ndi ubwana. Koma pa bwalo lomwelo panali ana enanso, kuseri kwa waya, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene ndinkamuthandiza kukwera minibasi ya ku Blantyre m'mawa umenewo.

Kondakitala anawapatsa mpando wakutsogolo. "Agogo akhale apa, asapanikizike." Ine anandikankhira kumbuyo, pakati pa mayi wonyamula beseni la nthochi ndi mnyamata wa sutu amene ankawerenga mapepala ofunsira ntchito. Azakhali anatembenuka n'kumandilankhula modumpha mitu ya anthu, ngati minibasi yonse ndi pabalaza pawo.

Chimene amakumbukira koyamba si maonekedwe a ndege koma kulira kwake. Panali mtundu wina wotchedwa Harvard, umene ophunzira ankaugwiritsa ntchito akazolowera tindege tating'ono. Imeneyo ikamanyamuka inkalira mokhadzula, ngati munthu akung'amba chinsalu chachikulu pafupi ndi khutu lako. Nkhuku za m'komboni zinazolowera, agalu anazolowera, makanda ankagona bwinobwino. Ana ankathamangira ku mpanda, zala zili m'mabowo a waya, n'kumawerenga ndege zonyezimira za mizere yachikasu zikamatera, kudumpha, kunyamukanso. Wophunzira watsopano ankadziwika ndi kateredwe kake. Ndege inkagunda pansi n'kudumpha kawiri katatu ngati chule, ndipo ana ankafa nako kuseka. Anali ndi maina awoawo a oyendetsa amene sanawaonepo nkhope: uyu ndi Chule, uyo ndi Kabawi chifukwa amatera bwino, winayo ndi Chidakwa.

"Nanga munakwerapo?" anafunsa mnyamata wa sutu uja, amene anali atasiya mapepala ake.

"Kukwera? Mwana wanga, ngakhale kuikhudza. Bambo anga anagwira ntchito pamenepo zaka 7, kuphikira anthu ouluka tsiku ndi tsiku, koma phazi lawo silinachokepo pansi."

Minibasi yonse inaseka, ndipo iwonso anaseka.

Titafika pa Kanjedza anasiya kulankhula. Anayang'ana panja, kumene kuli nyumba, mipanda ya njerwa ndi mitengo ya bulugamu, ndipo anangoti, "Za pano ndikuuza tikafika." Kondakitala anatolera ndalama, n'kuyamba kukangana ndi mayi wa nthochi za mtengo wa beseni.

Msewu wa Masauko Chipembere ndi wa makilomita owerengeka chabe, koma umalumikiza matauni awiri amene anabadwa mosiyana. Blantyre ndi mwana wa mishoni ya Asikotchi ya 1876 ndi amalonda a Mandala. Limbe ndi mwana wa njanji ndi fodya: kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake kumeneko, likulu la njanji linali komweko. Anaziphatikiza m'chaka cha 1956, koma mpaka lero munthu wa ku Limbe akamapita uko amati "ndikupita ku Blantyre" ngati akuwoloka malire. Agogo atachoka ku Gwelo anasankha Limbe, osati kumudzi. Munthu amene wazolowera kulandira pakutha pa mwezi khasu limamulemera. Anapeza ntchito yophika kumayadi, namanga kanyumba ka zidina ku Bangwe, komwe azakhali akukhala mpaka pano, ngakhale nyumbayo tsopano ndi ya malata ndi simenti.

Ulendo wobwerawo amaukumbukira bwino kuposa zimene anadya dzulo. Sitima kuchokera ku Gwelo kupita ku Salisbury, kenako ku Umtali, kulowa m'dziko la Apwitikizi mpaka pa Dondo pafupi ndi Beira, pamenepo n'kusintha kukwera yolowera kumpoto. Anawoloka Zambezi pa mlatho wautali wa Dona Ana, umene unatha kumangidwa mu 1935, ndipo amayi awo anawatseka maso kuti asayang'ane madzi. Kenako Port Herald, amene pano ndi Nsanje, kutentha kwa kuchigwa, udzudzu, ndiyeno sitima n'kuyamba kukwera mapiri mopuma wefuwefu mpaka ku Luchenza ndi Limbe. Katundu yense wa zaka 7 anakwana m'bokosi limodzi lachitsulo, mtolo wa mabulangete, simbi ya makala ndi njinga ya Raleigh.

Chimene chinawapweteka si ulendowo ayi, koma zimene anapeza. Ku Gwelo ana a eni dziko ankawanena kuti Manyasarandi, ena n'kumati Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthu atachokera ku Nkhata Bay kapena ku Dedza. Azakhali anakula akudziwa kuti iwo ndi Mubhurandaya, ndipo m'mutu mwawo Blantyre anali malo amene aliyense adzawalandira ndi manja awiri. Atafika kuno ana a ku Bangwe anayamba kuwaseka. Nsima ankaitchula kuti sadza. Akakwiya ankalalata m'Chishona chosakaniza ndi Chilapalapa, chinenero cha pantchito chimene azungu ankalamulira nacho antchito. Dzina linapezeka msangamsanga: Mtchona.

"Uko ndinali wa kuno, kuno ndinali wa uko," anatero. "Koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndinazolowera."

Pa Chichiri tinadutsa pansi pa chipilala cha ufulu, sitediyamu ili chakumanja. Minibasi inayamba kutsokomola tisanafike pa Ginnery Corner, ndipo inazimira pomwepo. Dalaivala anatsika n'kachigubu, kunena kuti mphindi ziwiri zokha. Aliyense wa mu Blantyre amadziwa kutalika kwa mphindi ziwiri za dalaivala wopita kukagula mafuta. Anthu anayamba kudandaula, ena kufuna ndalama zawo. Azakhali anatsegula chikwama, ndipo ndinayesa kuti akufuna mankhwala awo a BP. Anatulutsa kansalu koyera kopindidwa kanayi.

M'kansalumo munali supuni. Supuni wamba yodyera, yolemera kuposa za masiku ano, yakuda m'makona chifukwa cha ukalamba. Kunsonga kwake kunali kutadyeka mbali imodzi, mmene supuni imadyekera ikakhala zaka zambiri ikukanda pansi pa poto m'dzanja la munthu mmodzi. Pa chigwiriro panali kachizindikiro kofufutika, kooneka ngati chisoti cha mfumu. Mayi wa nthochi anaipempha, anaitembenuza uku ndi uku, n'kuipereka kwa mnyamata wa sutu, ndipo inayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumpando wakumbuyo.

"Anaba agogowo eti?" anatero wina kumbuyoko.

"Sanabe. Anapatsidwa tsiku lotseka khitchini. Ena analandira mapoto, ena mabulangete. Iwo anasankha imeneyi, chifukwa ndi imene ankalawira supu."

Ine supuni imeneyi ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana, koma sindinkadziwa kuti ili ndi mbiri. Inkakhala m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo, ndipo tsiku lina ndinakwapulidwa chifukwa chokumbira nayo ana a njuchi. Agogo sankakamba za ku Burma. Mukawafunsa ankangoti kunali mvula ndi misundu. Za ku Gwelo zokha ndi zimene ankakamba, ndipo ankazikamba ngati munthu wa khitchini: mazira angati m'mawa uliwonse, mbatata ya kachewere matumba angati, mzungu uti amene ankafuna tiyi wopanda shuga. Ankadziwa kuti kwachitika ngozi asanauzidwe, chifukwa patebulo pankatsala mbale yosakhudzidwa, ndipo usiku umenewo anyamata ankamwa mowa kwambiri n'kumaimba mokuwa. Kuphunzira kuuluka kunkapha, ndipo ambiri mwa omwalirawo anali a zaka zongopitirira 20 pang'ono. Agogo ankawatchula kuti "ana aja". Msilikali amene anaona imfa m'nkhalango za ku Burma ankawamvera chisoni ana a eni amene ankafera kutali ndi amayi awo, ngakhale kuti iye sankaloledwa kukhala nawo pa tebulo limodzi. Zinthu ziwirizi ankazinyamula pamodzi popanda kuona kuti zikulimbana.

Dalaivala anabwera, anathira mafuta kudzera m'botolo lodulidwa, anyamata awiri anakankha, ndipo tinapitirira. Tinadutsa chipatala cha Gulupu, tinatsikira m'tauni, n'kuyenda pang'onopang'ono wapansi kulowera ku Wenela. Chiperoni chinali chitayamba kuyera.

Achinyamata ambiri amayesa kuti Wenela ndi dzina la malo chabe, ngati Ndirande kapena Zingwangwa. Ndi chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba amuna kupita nawo ku migodi ya golide ya ku Joni. Ndipo apa pali chinthu chimene ndimachiona chodabwitsa. Amalawi oyamba kukwera ndege mwaunyinji sanali mabwana kapena ophunzira. Anali anyamata a kumudzi, ena osavala ndi nsapato zomwe, amene Wenela inkawanyamula pa ndege zake kupita nawo ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima yopita kumigodi. Pa 4 April 1974 imodzi mwa ndegezo, ya mtundu wa DC-4, inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu nthawi yomweyo. Azakhali amakumbukira maliro a m'chaka chimenecho, chifukwa mnyamata wina wa m'dera lawo anali atalembera kalata mkazi wake kuti akubwera ndi wailesi ndi makina osokera.

Tinagula mandasi awiri ndi tiyi wa m'kapu yapulasitiki, n'kukwera minibasi ya ku Chileka. Imeneyi inali yodzaza ndi matumba a ufa ndi malata awiri omangidwa pamwamba pa mipando, moti tonse tinakhala chowerama. Tinadutsa tchalitchi cha St Michael and All Angels, cha njerwa zofiira, chimene chaima pamenepo kuyambira 1891. Kenako Chirimba, phiri la Michiru lili kumanzere, Ndirande atatsalira kumbuyo. Kuchokera m'tauni kukafika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 16, ndipo msewu umatsika pang'onopang'ono. Mphepo imasintha. Juzi imene unavala ku Bangwe imayamba kukuyabwa ukangodutsa pa Kameza.

Msewu umenewu azakhali anauyendapo koyamba pa 6 July 1958, ali ndi zaka 11, atakhala pa keliyala ya Raleigh ija. Agogo sanali munthu wa ndale kwenikweni, koma Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953, ankadana nacho ndi mtima wonse. Pa nkhani imeneyi amatchona anali aphunzitsi a anzawo. Iwo anali atakhalako ku Southern Rhodesia, anali ataona chitupa, malo abwino onse ali m'manja mwa azungu, khomo la azungu ndi zenera la anthu akuda pa sitolo imodzi. Munthu wa ku Zomba akamati mwina Chitaganya chibweretsa misewu ndi zipatala, mtchona ankangomuyang'ana. Choncho atamva kuti Kamuzu, dokotala uja amene wakhala kunja zaka zoposa 40, akutera pa Chileka, agogo anapempha tchuthi kwa abwana awo ponamizira maliro.

"Anthu anali ngati nyerere. Amayi nthungululu, abambo Kwacha! Kwacha! Ine ndinakwezedwa paphewa. Koma ndikuuze zoona, mwana wa mchimwene wanga, Kamuzuyo sindinamuyang'ane kwambiri. Ndinangoona kamunthu kakafupi ka chipewa chakuda, kolankhula Chingerezi wina n'kumamasulira. Ine maso anali pa ndege. Zaka zinayi ndisanaione pafupi."

Ndinaseka mpaka mutu unagunda malata aja. M'mabuku a sukulu tsiku limeneli limalembedwa ngati kuti aliyense amene analipo ankadziwa kuti akuona mbiri ikupangika. Mwana wa ku Thornhill ankafuna kudziwa ngati woyendetsayo ndi Chule kapena Kabawi.

"Anali Kabawi," anatero. "Anatera bwino."

Tinatsika pa msika wa Chileka n'kuyenda kagawo kotsalako. Nthawi inali isanakwane n'komwe 12 koloko. M'malo molowa m'nyumba yodikirira, azakhali anapempha kuti tipeze pamthunzi pomwe mpanda ukuonekera, ndipo tinakhala pa mwala pansi pa mtengo wa mango. Kutsogolo kwathu kunali waya, kuseri kwake udzu wouma wometedwa bwino, ndiyeno msewu wa ndege ukunyezimira ndi dzuwa. Apa m'pamene anayamba za Kanjedza.

Miyezi isanu ndi itatu chibwerere Kamuzu, dziko linatentha. Mu February 1959 kunali zipolowe m'maboma angapo, ndipo kumpoto anthu anatseka bwalo la ndege la Fort Hill, kumene pano ndi Chitipa. Asilikali a Chitaganya anayamba kutera pa Chileka pano. Bwalo la Thornhill panthawiyo linali litachoka m'manja mwa Angerezi, lili la gulu la ndege za nkhondo la Chitaganyacho, Royal Rhodesian Air Force. Ndege zawo, za mtundu wa Provost ndi za jeti zotchedwa Vampire, zinayamba kuuluka motsika pamwamba pa midzi ya Nyasaland, zina zikumwaza mapepala ochenjeza anthu.

Azakhali akuti tsiku limenelo anali akusinja. Anamva kulira kuchokera chakumadzulo, anataya munsi, n'kuthamangira pabwalo akukuwa ndi chimwemwe, manja m'mwamba, monga ankachitira pa waya ku Gwelo. Ana ena onse anali atathawira m'nyumba. Agogo anatuluka, anayang'ana kumwamba kamodzi kokha, n'kuwagwira pamkono mwamphamvu moti zala zinatsala zitadinda.

"Lowa m'nyumba. Zimenezi sizikuphunzira ayi."

M'bandakucha wa pa 3 March 1959, bwanamkubwa Sir Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, apolisi ndi asilikali anayamba kugwira atsogoleri a Nyasaland African Congress. Ntchitoyo anaitcha Operation Sunrise. Kamuzu anamugwira kunyumba kwake ku Limbe ali m'zovala zogonera, anamubweretsa pa Chileka, n'kumukweza ndege. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay asilikali anaombera khamu la anthu n'kupha 20. Pofika kumapeto kwa chipwirikiticho anthu pafupifupi 50 anali ataphedwa, ndipo oposa 1,000 anali m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Ambiri anawatsekera pa Kanjedza, m'kampu yozingidwa ndi waya waminga. Ena anawaulutsa kupita ku ndende ya Khami pafupi ndi Bulawayo. Bungwe la a Devlin, limene boma la Britain lomwe linatumiza kudzafufuza, linadzalemba m'lipoti lake kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Mmodzi mwa otsekeredwa pa Kanjedza anali mnansi wawo, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe, amene mlandu wake unali kusunga makhadi a chipani m'kabati ya makina. Mkazi wake ankapita kukaima pafupi ndi kampuyo, ndipo nthawi zina ankatenga azakhali kuti amuperekeze, poti mayi woyenda ndi mwana sankamuthamangitsa msanga.

"Waya wake unali womwewo," anatero. "Koma uko tinkasuzumira kufuna kulowa. Apa amene anali mkati ndi amene ankasuzumira."

Anakhala chete kanthawi, akutembenuza ndodo m'fumbi.

"Ndiye tikumva kuti Kamuzu apita naye kuti? Ku Gwelo. Bambo anaseka, koma kuseka kosakoma. Anati dziko lonseli, malo osungira munthu ameneyu asowa, mpaka akamuike kwathu?"

Mawu akuti "kwathu" amenewo anandikhala m'khutu. Kamuzu anakhala m'ndende ya Gwelo miyezi 13, pamodzi ndi Masauko Chipembere ndi a Chisiza awiri, Dunduzu ndi Yatuta, mpaka anamasulidwa pa 1 April 1960. Kwa Amalawi onse dzina la Gwelo linasanduka dzina la ndende, ndipo kwa zaka 30 za ulamuliro wake Kamuzu sankatopa kulitchula pa misonkhano. Azakhali anaphunzira kusanena kuti anabadwira kumeneko, chifukwa anthu ankayamba mafunso: ku Gwelo? Abambo anu ankatani kumeneko? Kufotokoza kuti ankaphikira oyendetsa ndege za nkhondo sikunali kwanzeru m'masiku a Chiswe ndi a Payoniya. Ankangoti anabadwira ku Halale, monga amanenera aliyense. Supuni inalowa m'kabati.

Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ufulu unabwera pa 6 July 1964. Agogo anapitiriza kuphika mpaka maso atayamba kuchita khungu. Anzawo ena a Keyala amene anakhalabe ku usilikali anakamenyanso nkhondo ina ku Malaya kuyambira 1952, ndipo ena anathera m'nyumba za asilikali okalamba ku Zomba, pafupi ndi chipilala chofiira chija. Anzawo a m'khitchini amene sanakwere sitima mu 1954 anatchona. Zidzukulu zawo zili ku Gweru mpaka lero, zili ndi maina a Phiri, Banda ndi Mwale, zimavina gule pa maliro, koma Chichewa chikuthawa pakamwa. Mng'ono wawo wa azakhali, amene anamwalira ali khanda, anaikidwa komweko. Palibe wa m'banja lathu amene anapitako kukaona mandawo. Bwalo la Thornhill likadalipo, tsopano ndi la asilikali a Zimbabwe, ndipo analipatsa dzina la Josiah Tungamirai.

Mnyamata wogulitsa nzimbe anatipeza pamwala paja. Azakhali anagula imodzi, koma anandipatsa ine kuti ndiwasendere ndi kuidula timagawo, mano aja anapita. Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene anaimika dzanja.

"Imva."

Ine sindinamve kanthu. Panapita mwina theka la mphindi ndisanaone kadontho chakummwera, pamwamba pa mapiri. Iwo anali ataimirira kale, ndodo ataiiwala pamwala, akuyenda kulunjika ku mpanda. Ndinawatsatira ndi chikwama chawo. Anafika pa waya, nalowetsa zala m'mabowo, zala zokwinyika za mphete imodzi. Ndege inatsika mwaulemu, matayala anakhudza pansi n'kutulutsa kautsi, ndipo inathamanga kutidutsa ikubuma.

"Ayi, zamasiku ano zilibe mawu," anatero. "Imeneyi ikungopuma. Harvard ikanakhala ndi imeneyi, mbuzi zonse za ku Chileka zikanadula zingwe."

Mkati tinadikira nthawi yaitali kuti okwera amalize za mapasipoti ndi katundu. Mdzukulu uja anatuluka pomalizira, atanenepa, akukankha ngolo ya zikwama zitatu ndi bokosi la TV. Anagwada pa simenti pomwepo kuwapatsa moni agogo ake, anthu akuwapatuka. Iwo anamugwira mutu ndi manja onse awiri, anamufunsa za ntchito, za chifuwa chake chija, ngati akumapita kutchalitchi. Kenako anatsitsa mawu.

"Tandiuza. Mmene mumabwera muja, munadutsa pamwamba pa Zimbabwe?"

"Mwina tinadutsa, agogo."

"Gwelo unamuona? Pali bwalo lalikulu, msewu wa ndege wautali, chakum'mawa kwa tauni."

Mnyamatayo anandiyang'ana ine, kenako agogo ake. "Pepani agogo, ndinakhala mpando wapakati. Ndiponso ndinagona titangonyamuka."

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu n'kutenga ndodo yawo m'manja mwanga.

"Kagoneni bwino, a Chule. Iwe, muimbire wa takisi uja. Ndi katundu ameneyu minibasi itidula pawiri."